Funsani a Malume: makauboyi, nthenga za tambala ndi Jeki wosafa

Mwezi watha ndinangotchulako pang'ono chabe kuti malemu bambo anga ankakonda mafilimu a makauboyi kuposa nsima, ndiye foni yanga sinagone, mameseji mbwee, ena kufunsa ena kundikalipira ngati ndawadyera mbuzi. Ndasankhapo asanu. Amene simukuona funso lanu musakwiye, tsamba ndi lochepa, komanso ambiri munafunsa chinthu chimodzimodzi kungosintha mawu.

Malume muli bwanji. Ine ndine mayi wa ana awiri, timakhala ndi apongozi anga aamuna amene anapuma pantchito ndiye malaiti akangobwera iwo ndi pa TV basi, mafilimu akale aja a makauboyi amene mdzukulu wawo wina anawaikira pa flash, manje mwana wanga wa giredi 5 tsiku lina anafunsa kuti agogo nanga bwanji palibe kauboyi wakuda, apongozi anayankha kuti anthu akuda sankadziwa kukwera hatchi, mwana anangoti zii koma ine zinandiwawa mumtima. Kodi ndi zoona zimenezi?
*Mayi wa ku Chilenje South*

Amayi, apongozi sitiwatsutsa pamaso pa mdzukulu, ndiye muwaphikire tiyi, muike magaziniyi pambali pa kapu, musanene kanthu. Zimene ananenazo sizoona ayi, koma sindiwaimba mlandu chifukwa inenso ndinkaganiza choncho mpaka imvi zitayamba.

Kauboyi ndi m'busa wa ng'ombe basi, ngati anyamata aja mumawaona ku Monze kapena ku Namwala, kusiyana kwake iye ali pa hatchi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kunali ng'ombe zosawerengeka zongoyendayenda m'tchire pamene mizinda ya kumpoto ikulira nyama, ndiye panafunika anthu oti azikusa ng'ombezo ulendo wa miyezi iwiri kapena itatu mpaka kukafika pa siteshoni ya sitima, monga pa Abilene ku Kansas. Ntchito yake ya fumbi, ya mvula, yogona panja, malipiro ake madola ngati 30 pamwezi, ntchito yoti mwana wa munthu wolemera sangaiyandikire. Nanga mukuganiza anaigwira ndani? Akatswiri a mbiri amati pa makauboyi 4 alionse a nthawi imeneyo mmodzi anali wakuda, ambiri mwa iwo anthu amene anaphunzira kuweta ng'ombe ndi kuzoloweza mahatchi olusa ali akapolo m'mafamu a ku Texas komweko. Enanso ambiri anali a ku Mexico, amene ndiwo eni ake enieni a lusoli, chingwe chokolera ng'ombe chija azungu anachita kukopera kwa iwo. Ndipo nyengo yonseyi inangotenga zaka ngati 20, njanji zitafika paliponse ndi waya waminga utatchinga madambo nkhani inathera pomwepo. Hollywood yakhala ikudya ndalama pa zaka 20 zimenezo kwa zaka zoposa 100.

Mwana wanu mumuuze za Bill Pickett, kauboyi wakuda wa ku Texas amene ankadumpha kuchoka pa hatchi ikuthamanga, kugwira ng'ombe nyanga, kuipotokola khosi kenaka kuiluma mlomo ndi mano ake mpaka ng'ombe khuu pansi. Masewera amenewo akuchitikabe mpaka lero, kungoti zolumazo anasiya. Mumuuzenso za Bass Reeves, amene anabadwa kapolo mu 1838, mu 1875 anakhala wapolisi wa boma woyenda pa hatchi m'dera limene lero ndi Oklahoma, anagwira ntchitoyo zaka 32, anamanga anthu oposa 3,000 kuphatikizapo mwana wake wobala yekha amene anapha mkazi wake, ndipo munthuyo sankadziwa kuwerenga, makalata omangira anthu ankachita kumuwerengera wina iye nkuloweza pamtima. Pa Facebook mudzaona anthu akulemba kuti Lone Ranger, kauboyi wachizungu wa pa TV uja, anamukopera kwa iyeyu, umboni wake palibe, musamuphunzitse mwana zimenezo, mbiri ya Reeves ndi yokwana kale payokha. Ndipo popeza ndinu mayi dziwaninso za Mary Fields, mzimayi wakuda amene mu 1895 ali ndi zaka ngati 60 anayamba kunyamula makalata a positi pa ngolo ya mahatchi ku Montana, mfuti ili pamiyendo.

Manje bwanji sanaoneke pa filimu? Ndalama ndi tsankho zinagwirana manja. M'zigawo za kumwera kwa dziko la America tsankho linali lamulo mpaka m'ma 1960, ndiye mwini holo ya filimu kumeneko sakanaonetsa munthu wakuda atanyamula mfuti akulamula mzungu kuti kweza manja. Komanso malamulo a mafilimu amene anayamba kukhwima mu 1934 ankaletsa kuonetsa chikondi cha mzungu ndi munthu wakuda, tsono ganizani, ekita kumapeto kwa filimu amayenera kutenga mkazi uja, wakuda akanakhala bwanji ekita. Anangomusiyira poto ndi tsache, apo ayi kumufafaniza kumene. Jim Beckwourth anali mlenje wotchuka wa m'mapiri amene anabadwa kwa mayi kapolo, koma mu filimu ya Tomahawk ya mu 1951 anamusewera ndi mzungu, Jack Oakie.

Sikuti anthu akuda anangopinda manja. Woimba wina, Herb Jeffries, anasewera mafilimu a makauboyi akuda okhaokha kuyambira mu 1937, oonetsedwa m'maholo a anthu akuda, kungoti amenewo kuno kwathu sanatifike. Ndipo mu 1960 John Ford anapanga Sergeant Rutledge, nkhani ya msilikali wakuda wonamiziridwa kugwirira ndi kupha mtsikana wachizungu, wosewera wake Woody Strode. Filimu yonse ikutchedwa dzina la munthu amene iye akusewera, koma pa positala mayina a azungu pamwamba, lake pansi. Ngati pa flash ya apongozi pali Once Upon a Time in the West, auzeni ayang'ane koyambirira penipeni, mwamuna wamtali wadazi amene madzi akumudonthera pa chisoti pa siteshoni paja ndi Strode yemweyo.

Ba Malume tithandizeni, takangana ku barbershop mpaka makasitomala kuthawa. Ma Red Indian aja a nthenga kumutu ndi amwenye awa a mashopu ku Kamwala ndi mtundu umodzi kapena? Mnzanga akuti ndi abale anachita kupatukana pa sitima ya pamadzi kkkk. Chinanso mu filimu ina ya John Wayne mfumu yawo ili ndi maso a buluu, zimatheka bwanji?
*Wometa wa ku Kabwata*

Mwana wanga, mnzakoyo umumete mpala ulere. Si abale ayi. Columbus atafika kumeneko mu 1492 ankaganiza kuti wafika ku mbali za India, ndiye anthu amene anawapeza anawatcha Maindiya, dzina lolakwika nkukakamira mpaka lero. Mawu akuti Red Indian eni ake sawafuna nkomwe. Iwo ali ndi mayina awo, Apache, Comanche, Navajo, Lakota, Cheyenne, Cherokee, boma la America lokha limazindikira mitundu yoposa 570, ife kuno timanyada ndi 73. Ine pano ndiziwatcha eni dziko. Hollywood inawasakaniza onse mu poto imodzi, nthenga zazitali zija zinali za mitundu ina ya kuzigwa koma anaveka aliyense, zili ngati munthu atenge musisi wa Alozi, chishango cha Angoni ndi chigoba cha gule, aveke munthu mmodzi nkumati uyu ndiye Muzambia.

Filimu ukunenayo ndi The Searchers ya mu 1956, ndipo mfumu ya maso a buluuyo ndi Henry Brandon, wobadwira ku Berlin ku Germany, anangomupaka utoto ndi kumuveka wigi. Ndiwo unali mchitidwe wake. Mwini dziko akakhala woti angokuwa nkugwa pa hatchi ankatenga weniweni, koma akakhala ndi dzina ndi mawu oti alankhule ankaitana mzungu. Jeff Chandler wa ku Brooklyn anakhala mfumu Cochise mu Broken Arrow mu 1950, Burt Lancaster anakhala Muapache mu 1954, Chuck Connors, mzungu wa maso a buluu nayenso, anakhala Geronimo mu 1962. Wopambana onse ndi Iron Eyes Cody, amene anasewera mwini dziko moyo wake wonse, mu 1971 America yense anamuona pa TV akugwetsa msozi chifukwa cha zinyalala, kenaka mu 1996 nyuzipepala inaulula kuti makolo ake anali ochokera ku Italy ndipo dzina lake linali Espera de Corti. Anakana mpaka kumwalira mu 1999. Weniweni amene anatchuka nthawi imeneyo ndi Jay Silverheels, Mmohawk wa ku Canada, Tonto wa Lone Ranger, koma anamupatsa Chingerezi chodukaduka ngati cha mwana, ndipo dzina lakuti Tonto m'Chisipanishi limatanthauza chitsiru.

Za chilankhulo ndiye zoseketsa. Mu filimu ina ya mu 1939, Scouts to the Rescue, anangojambula mawu a Chingerezi nkuwatembenuza kuti azimveka chobwerera m'mbuyo, basi chilankhulo cha eni dziko chapezeka. Koma Anavajo anabwezera mwaukatswiri. John Ford ndi anzake ankakonda kujambulira ku Monument Valley, kumiyala italiitali yofiira kuja, komwe ndi kwawo kwa Anavajo, ndiye ankawalemba ganyu kuti lero ndinu Aapache mawa ndinu Acomanche, muzingolankhula chakwanu palibe adzamve. Zoonadi palibe anamva. Patapita zaka zambiri, filimu ya Reel Injun ya mu 2009 inamasulira zimene ankanena mu A Distant Trumpet ya mu 1964, kupeza kuti mfumu ija nkhope ili gwaa ngati ikukamba za mtendere, kumeneko ikuuza mkulu wa asilikali kuti ali ngati njoka yokwawa m'tudzi take. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya m'nyumba ku mayadi akudziwa kukoma kwa kutukwana bwana m'Chinyanja uku ukumwetulira.

Tsono ndikuuze chimene chimandiluma ine. Ndinakulira ku Matero, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Loweruka tinkapita ku holo ya welofeya kukaonera baisikopo, Lamlungu tikachoka ku tchalitchi nkukaisewera tokha pa chulu china kuseri kwa nyumba. Hatchi linali phesi la chimanga pakati pa miyendo, mfuti kathabwa kokhala ndi msomali, chisoti cha katoni. Anyamata akuluakulu onse anali a Jeki, dzina limene tinkatcha kauboyi aliyense, ife ang'onoang'ono ndife tinali Maindiya, ndipo lamulo linali limodzi, akangoti pyuu uyenera kufa, kugubuduka kuchoka pamwamba pa chulu mpaka m'zisoso, ukakana kufa mawa susewera. Tsiku lina pofuna kuoneka bwino ndinazula nthenga za kumchira kwa tambala wa amayi, kuzimanga kumutu ndi mphira wa chubu cha njinga, kudzipaka makala ndi dothi lofiira kumaso, nkumathamanga ndikudzimenya pakamwa wu wu wu. Ndinafa katatu tsiku limenelo pa chulu, kachinayi ndinafera kunyumba ndi mthiko, tambala ali poteropo mchira uli mbee.

Ndipo mu holo muja, eni dziko akazungulira ngolo za azungu, lipenga la asilikali likangolira patali, holo yonse inkaimirira, likhweru, kuponda mabenchi, fumbi koboo. Ine ndinkakuwa kuposa onse. Koma agogo anga obala bambo anali a kwa Mpezeni, ndipo madzulo ankatisimbira zimene amayi awo anaona, mmene asilikali a azungu anabwerera ndi mfuti zachiwaya mu 1898, kutentha midzi, kuwombera Nsingo mwana wa mfumu, kutenga ng'ombe masauzande. Zimenezo zinachitika zaka 7 chabe kuchokera pamene asilikali a pa hatchi a America anapha Alakota pakati pa 150 ndi 300, ambiri akazi ndi ana, pa Wounded Knee mu December 1890. Tauni yakwathu ya Chipata inkatchedwa Fort Jameson, Mansa inali Fort Rosebery, ma Fort omwe aja a mu filimu, ndipo anthu athu atalandidwa nthaka yabwino anakankhidwira ku malo otchedwa marizevu, mawu omwewo. Madzulo ndinkalira ndi agogo, Loweruka ndinkaombera m'manja lipenga, ndipo m'mutu mwanga zinthu ziwirizi sizinakumane mpaka nditakwatira.

Koma usathamangire kunena kuti akuda ndi eni dziko anali mbali imodzi. Asilikali akuda aja otchedwa Buffalo Soldiers, amene magulu awo anakhazikitsidwa mu 1866, ntchito yawo ina inali yothamangitsa Aapache ndi Acomanche omwewo. Mitundu ina ngati Acherokee inali ndi akapolo akuda. Ndipo ine kuchimake ndine Mchewa wa ku Katete, tikudziwa kuti Angoni asanakumane ndi mfuti za azungu nthungo zawo zinkalasa ndani.

Imwe ambuya akudya mbewa, mwayamba liti kuononga zinthu zabwino? Ine ndinakulira ku Luanshya ndipo Jeki anatilera, anatiphunzitsa kuimirira ngati mwamuna ndi kuvala chisoti mopendeka. Filimu ndi filimu chabe, sitinapite kumeneko kukaphunzira mbiri. Ana a masiku ano chilichonse tsankho tsankho, manje ndi imwe mudala mwalowa gulu lawo. John Wayne musiyeni agone.
*Mbuya wanu wa ku Emmasdale*

Ambuya, ndayamika kuti mwatsika mumtengo kudzalemba kalata, anyani atsala ndi ndani kumeneko? Koma pa mfundo yanu imodzi ndikuvomerezani, ndipo ana amene akuwerenga amve. Makolo athu sanali zitsiru zongomeza chilichonse cha pa nsalu yoyera ija. Bambo anga anagwira ntchito ku mgodi wa Roan Antelope kwanu komweko, baisikopo ya panja, anthu mazanamazana atakhala pansi, Chingerezi cha m'mphuno chija palibe ankachimva, komanso a boma la atsamunda anali atadula kale mbali zimene ankati munthu wakuda asaone, ndiye nkhani inkadumphadumpha ngati galimoto ya m'maenje, anthu nkumadzipangira nkhani yawo mokuwa. Mzimayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo m'buku lake la Copper Town analemba zomwezo, kuti kauboyi aliyense kaya ndani kaya ndani anthu ankangomutcha Jack. Ndinawafunsa bambo kuti chinkakukomerani nchiyani, anati mwana wanga, nthawi imeneyo nyama timagulira pa kawindo kuseri kwa butchala, kapitawo akakutukwana umati yesi bwana, ndiye baisikopo ndi malo okhawo amene umaona mzungu akudya chibakera mpaka kugwa chagada m'fumbi, iwe nkuseka mokweza osamangidwa. Ku Kinshasa nakonso m'ma 1950 anyamata a m'makomboni ankadzitcha ma Bill potengera Buffalo Bill, zisoti ndi mipango ya m'khosi, apolisi a Abelgium osagona nawo tulo. Jeki tinamulanda, anakhala wathu. Pamenepo palibe mkangano.

Pamene tikusiyana ndi pakuti filimu ndi filimu chabe. Mwawerenga kalata ya amayi a ku Chilenje pamwambapa? Apongozi awo sanapite ku holo kukaphunzira mbiri, koma anatulukamo ndi mbiri, ndipo patha zaka 60 akuipereka kwa mdzukulu. Chinthu ukachiona Loweruka lililonse kuyambira uli ndi zaka 8 chimakhazikika kuposa zimene aphunzitsi analemba pa bolodi.

Za John Wayne, sindine ndikumudzutsa, anadzikambira yekha. Mu 1971 pocheza ndi magazini ya Playboy ananena poyera kuti amakhulupirira kuti azungu akhale pamwamba mpaka anthu akuda ataphunzira mokwanira, ndiponso kuti saona cholakwa pa kulanda dziko lija chifukwa eni ake ankaliumira. Patangopita zaka ziwiri, mu March 1973, Marlon Brando anakana mphoto ya Oscar natumiza mtsikana, Sacheen Littlefeather, kuti akanene pa siteji kuti akukana chifukwa cha mmene mafilimu amaonetsera eni dziko, ena mu holomo anamukuwiza, ndipo eni mphotoyo anadzapepesa mu 2022, patapita zaka 49, iye atatsala miyezi yochepa kumwalira. Ndiye si ana a masiku ano anayamba nkhaniyi ambuya, inayamba inu mukadali ndi tsitsi.

Koma ine The Searchers ndimaionerabe, ndipo ndimati ndi filimu yaikulu, chifukwa Ford sanabise kuti ekita wakeyo ndi munthu wodwala chidani, wofuna kupha mwana wa m'bale wake chifukwa choti wakhala mkazi wa Mcomanche, ndipo kumapeto onse akulowa m'nyumba iye chitseko chikumutsekera panja. Chimene chimandinyansa mu filimu yomweyo ndi pamene mzimayi wachicomanche akumenyedwa theche nkugubuduka pa chitunda ndipo zapangidwa kuti tiseke. Ku Matero tinasekadi.

Malume nanga anthu a ku Mexico bwanji nthawi zonse amakhala mbava za mano akuda kapena alimi amantha ogona pansi pa chisoti? Komanso ndinaonapo Mchaina mmodzi yekha, wophika. Analipo Machaina nthawi imeneyo?
*Mtsikana wa ku Kalingalinga*

Mwana wanga uli ndi maso. Texas, California, Arizona, New Mexico, konseko kunali Mexico, mpaka Texas inapatuka mu 1836 ndipo kwinako kunatengedwa nkhondo itatha mu 1848, ndiye amene filimu ikumuonetsa ngati mlendo wakuba nthawi zambiri ndiye anayamba kufika. Ndipo mbava yotchukayo kawirikawiri sinali ya ku Mexico nkomwe, Eli Wallach wa mu The Magnificent Seven ya mu 1960 ndi The Good, the Bad and the Ugly ya mu 1966 anali wa ku Brooklyn. Pojambula The Magnificent Seven ku Mexico, a boma kumeneko anali atatopa ndi kunyozedwa, analamula kuti alimi a mu filimuyo azivala zoyera, ukaionera uone, anthu akuchokera kumunda koma malaya ali mbuu ngati akupita ku ubatizo. Mmodzi amene anaswa mwambo ndi Katy Jurado mu High Noon ya mu 1952, mzimayi wa ku Mexico wokhala ndi bizinesi yake, wolankhula zanzeru kuposa amuna onse a m'tauniyo, mpaka analandira mphoto ya Golden Globe. Kenaka anamusankha kupikisana nawo pa Oscar, pa filimu ya mu 1954 imene anasewera ngati mzimayi wachicomanche. Hollywood imeneyo.

Machaina analipo masauzande. Njanji yoyamba yodutsa America yense, mbali yochokera ku California yoboola mapiri, pafupifupi anthu 9 pa 10 alionse ogwira ntchito anali Machaina, koma pa chithunzi chotchuka cha pa 10 May 1869 pamene njanji ziwiri zinakumana ku Utah sungawapeze, ndipo mu 1882 America inakhazikitsa lamulo loletsa antchito achichaina kulowa m'dzikomo. Wophika unamuonayo mwina ndi Hop Sing wa mu sewero la pa TV la Bonanza. Tangoganiza munthu apange filimu ya mmene TAZARA inamangidwira kuchokera mu 1970 mpaka 1975, Dar es Salaam mpaka Kapiri Mposhi, Mchaina yekhayo woonekamo akhale wophika tiyi.

A Malume ndine mphunzitsi wa sekondale, ndikufuna kuonetsa ana a kalabu ya mbiri mafilimu awiri kapena atatu pa nkhani imeneyi. Ndiyambire pati?
*Mphunzitsi wa ku Mtendere*

Aphunzitsi, yambani ndi Stagecoach ya mu 1939, muwapatse ana ntchito imodzi yokha, awerenge kuti ndi Aapache angati akugwa pa hatchi ndipo ndi angati amene tauzidwa mayina awo kapena chimene chawakwiyitsa. Sabata yotsatira Buck and the Preacher ya mu 1972, imene Sidney Poitier anatsogolera yekha nkuseweramo ndi Harry Belafonte, nkhani ya mabanja omasulidwa ku ukapolo akusamuka pa ngolo kukafuna malo, imeneyo ana adzaikonda chifukwa Belafonte ndi m'busa wabodza wa mano owola wobisa mfuti m'Baibulo. Yachitatu Little Big Man ya mu 1970, muli Chief Dan George, mwini dziko weniweni wa ku Canada amene anasankhidwa kupikisana pa Oscar ali ndi zaka zoposa 70, koma muyambe mwaionera nokha kunyumba chifukwa muli malo ena oti makolo angakuitanireni kwa ahedi. Dances with Wolves ya mu 1990 muli Chilakota chenicheni koma ndi yaitali maola atatu ndipo pakati pa nkhani pali mzungube, malaiti adzathima musanafike theka. Ana akuluakulu a giredi 12 mungawauze za Five Fingers for Marseilles ya mu 2017, ya makauboyi a ku South Africa olankhula Chisotho, kuti aone kuti chisoti chija chimakhalanso bwino pamutu wakuda, koma ndi yamagazi, si ya m'kalasi.

Sergeant Rutledge ndikanakubwerekani DVD yanga koma ili kwa ambuya anga ena, osati a ku Emmasdale awa, a ku Chelstone, anaitenga pa maliro chaka chatha ndipo akuti akuifunabe m'makatoni.